Makalata a omvera: Adalaivala, foniyo ikani pansi

Takulandirani omvera, thumba la makalata lero ladzadza ndipo ambiri mwalemba nkhani imodzimodzi, ya mafoni pamsewu, kaya munachita kupangana kaya. Tiyambe ndi iyi ya mayi wina wa ku Chinamwali, ati dzina lawo tisatchule.

"Zikomo achimwene. Ine ndimagulitsa kaunjika mu msika wa Zomba nde sabata yatha ndimachokera ku Limbe kooda katundu, ndinakhala kutsogolo pafupi ndi adalaivala. Titangodutsa pa Namadzi foni yawo inalira, anayipana ndi phewa kukhutu nkumakangana ndi munthu nkhani ya ndalama, atadula anayamba kulemba meseji ndi chala chachikulu maso ali pa foni minibasi ikuthamanga. Linali tsiku la msika pa Thondwe anthu ali thithithi mmbali mwa msewu, bambo wina wa njinga atanyamula matumba a makala tinamuphonya pang'onong'ono mpaka galasi la mmbali linakhudza thumba. Ndinati adalaivala chonde foniyo ikani, iwo akuti mayi ngati mukuopa tsikani mukakwere ndege. Anthu kumbuyo anaseka, palibe olo mmodzi anandiyikira kumbuyo. Kodi ndinalakwa kuyankhula?"

Aaa mayi, simunalakwe ayi, ndipo ine amene andikwiyitsa kwambiri si adalaivalawo koma osekawo. Amaseka chani? Minibasi ikagubuduzika simasankha kuti uyu anaseka uyu anadandaula.

Tiwerengere limodzi pang'ono. Galimoto ikamathamanga makilomita 80 pa ola, pa sekondi imodzi yokha imayenda mamita oposa 22. Kuwerenga meseji ndi kuyankha kuti "ndikubwera" tingoti masekondi 5, ndiye kuti minibasi yayenda mamita 110 popanda woyang'ana kutsogolo. Ndi bwalo la mpira lathunthu limenelo, kuchoka pa golo kukafika pa golo inayo. Nde taganizirani bwalo limenelo mutaliyala pa Thondwe tsiku la msika, muli ana, mbuzi, njinga, azimayi osenza madengu a tomato. Bambo wa makala uja anapulumuka ndi mwayi chabe. Ulendo wina mayi lembani nambala ya minibasiyo, mukafika pamene pali apolisi apamsewu auzeni, ndipo okwera anzawo mukamva munthu wadandaula thiranipo ndemanga, dalaivala amatha kunyoza mayi mmodzi koma anthu khumi akayankhula limodzi foni imalowa mthumba.

Kalata yachiwiri yachokera mbali inayo, ndaikonda chifukwa sakubisa. Ndi adalaivala a minibasi ya Zomba–Liwonde.

"Akulu mumatinyoza kwambiri pa wailesi koma simudziwa mavuto athu. Amene amaimba foni nthawi zambiri ndi abwana eni galimoto, akufuna adziwe uli pati, wapanga zingati, tageti ikwana? Ukapanda kuyankha kawiri akuganiza kuti wapatuka ndi galimoto kapena ukuba, madzulo akulanda makiyi. Mwezi watha apolisi anandigwira ndikuyankha abwana omwewo ndinalipira chindapusa cha mthumba mwanga abwana anati sizikuwakhudza. Nde tizitani?"

Achimwene ndakumvani ndipo apa mwanena zoona zimene anthu ambiri sazikamba, kuti foni imakhala ndi anthu awiri, woyankha ndi woimba. Eni maminibasi amene mukumvera, inu mukudziwa bwino lomwe kuti mnyamata wanu ali pa chiwongolero pakati pa Songani ndi Domasi, mukumuimbiranji? Galimoto ikaphwanyika tageti ya tsikulo idzakugulirani ina?

Koma achimwene, apolisiwo sanakulakwireni. Kugwira foni mmanja ukuyendetsa ndi mlandu kuno kwathu, ndipo lamulo limagwira amene ali pa chiwongolero, abwana ali kunyumba akumwa tiyi. Chindapusacho ndi chaching'ono tikayerekeza ndi zimene zimabwera ukagunda munthu. Lamulo la zapamsewu la 1997 lili ndi mlandu wopha munthu chifukwa choyendetsa galimoto mosasamala, umenewo sulipiridwa pamsewu ayi, umakathera ku khoti, ndipo kumeneko kuli chindapusa chachikulu, kuletsedwa kuyendetsa, pena ndende imene. Ndende yaikulu ili konkuno ku Zomba, mumadutsa pafupi tsiku ndi tsiku. Nde chitani izi, foni muzipatsa kondakitala, abwana akaimba aziyankha iyeyo, ndalama amasunga ndi iyeyo kale mesa? Zikavuta imani pa siteji muyankhe bwinobwino. Komanso mukalipira chindapusa muzitenga risiti ya boma ija timati GR, osangopereka nkumapita.

Iyi ndi yaifupi, mtsikana wa ku yunivesite amene amakhala ku Chikanda.

"Ine funso langa ndi la akabaza a njinga zamoto. Ambiri amavala mahedifoni mkati mwa chipewa nkumacheza pa foni, ukawafunsa akuti manja onse ali pa handulo nde palibe vuto. Ndi zoona?"

Achemwali, manja ali pa handulo inde koma mutu uli kuti? Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati woyendetsa amene ali pa foni amakhala pa chiopsezo chochita ngozi pafupifupi kanayi kuposa amene sali pa foni, ndipo limanenanso kuti kuyankhula osagwira foni mmanja sikusiyana kwenikweni ndi kuigwira. Chifukwa chake nchakuti maganizo amapita kwa amene ukuyankhula naye, maso akuona msewu koma mabuleki umachedwa kugwira. Wa njinga yamoto nde zimanyanya chifukwa makutu ndi amene amamuuza kuti kumbuyo kukubwera thiraki, akawatseka ndi nyimbo hutala saimva. Ine ndinakwerapo wina kuchokera ku Matawale, njira yonse akunyengerera chibwenzi chake chimene chinakwiya, ine kumbuyo ndikungopemphera kuti mtsikanayo amukhululukire msanga tisanafike pa mphambano. Musanakwere muuzeni avule, akakana alipo ambiri pa siteji.

Tili ndi kauthenga ka pa WhatsApp kochokera kwa mnyamata wa kwathu ku Jali amene ali ku Cape Town, akuti kumeneko anakhazikitsa zoti apolisi a mzindawo akakupeza uli pa foni ukuyendetsa azilanda foniyo kuwonjezera pa chindapusa, ukaitenge mawa lake utalipiranso. Akufunsa bwanji kwathu kuno osayamba zomwezo. Hehe, achimwene mwaponya mwala mu chisa cha mavu, ndikuona kale adalaivala akutukwana mmaminibasi. Ine ndekha ndikuti zingathandize, chifukwa munthu wa masiku ano ndalama amatha kupereka nkuiwala koma kugona usiku umodzi opanda foni, Airtel Money ndi Mpamba zonse zili momwemo, sangabwerezenso. Funso limeneli tilitumiza kwa apolisi apamsewu ndi a Road Traffic, akatiyankha tidzakuwerengerani.

Yatsala kalata ya bambo wina wa ku Sadzi amene akudandaula kuti akazi awo amawaimbira kasanu pa ulendo umodzi wa ku Blantyre, koma nthawi yatithera, imeneyo tiyamba nayo sabata ya mawa. Amayiwo ngati akumvera alembenso mbali yawo.