Mawu a m'mawa: Dana nacho choipa

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo? Lero tili pa Aroma 12:9, pomwe Paulo akuti chikondi chathu chikhale chopanda chinyengo, tidane ndi choipa, tigwiritsitse chabwino.

M'Baibulo lachingerezi la King James, lomwe linatuluka mu 1611, vesili lili ndi mawu akuti abhor. Angerezi anawatenga ku Chilatini, abhorrere. Ab ndi kutalikira, pomwe horrere ndi kuyima kwa tsitsi kapena ubweya, thupi n'kumanjenjemera. Mawu akuti horror nawonso anachokera komweko. Ndiye munthu akachita abhor sakhala pansi kuganizaganiza ayi. Zili ngati wapisa dzanja pamulu wa nkhuni n'kukhudza njoka: thupi lachita tsemwe, dzanja labwerera lokha mutu usanaganize n'komwe.

Yosefe anachita zomwezi kunyumba kwa Potifara. Mkazi wa Potifarayo atamugwira chovala, iye sanayime kuti akambirane, anachisiya m'manja mwake n'kuthawira panja. Werengani Genesis 39:12.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti ambirife tsemwe lija linatha. Tinazolowera. Wina akanena kuti "kangachepe ka fanta" kuti fomu iyende msanga, dzanja limapita lokha m'thumba. Miseche ikayamba pagulu la WhatsApp, ngakhale la kwaya, timawerenga mpaka uthenga womaliza. Koma tangomvani dzina la mlamu amene tinakangana naye pamaliro chaka chatha, nkhope yomweyo kusintha, nsima osatsikanso. Kunyansidwa tikadali nako ndithu, kungoti timanyansidwa ndi munthu, tchimo n'kumalipatsa mpando.

Paulo sakutilola zimenezo. Akristu a ku Roma anali ndi anthu owada zenizeni, koma m'mutu womwewu, vesi 14, akuti dalitsani okuzunzani, musawatemberere. Pa vesi 20 akupitirira: mdani wako akamva njala umdyetse, akamva ludzu um'mwetse. N'zovuta, ndipo sindikuzipeputsa, makamaka kwa inu amene munalakwiridwa kwambiri, bala likadali laliwisi. Chimene anakuchitirani n'choipa, ndipo simukukakamizidwa kuchitcha chabwino. Koma munthu amene anakulakwiraniyo, Yesu anamufera.

Tipemphere. Atate, tidzutsireni chikumbumtima chomwe chinagona, ndipo lero mutipatse mphamvu yopereka moni kwa munthu uja takhala tikumulambalala panjira. M'dzina la Yesu, Amen.