Mayi Rosa Parks sanakhale pampando chifukwa cha kutopa: zomwe ofufuza anapeza ku Montgomery

Moni nonse amene mukuonera tchanelo chino. Tiyambe ndi chithunzi chomwe chili patsogolo panupa, chifukwa ambiri a inu munachionapo kale. Mayi wovala magalasi wakhala m'basi akuyang'ana kunja pawindo, ndipo kumbuyo kwake kwakhala mzungu wamwamuna. Anthu ochuluka amakhulupirira kuti chinajambulidwa tsiku lomwe Mayi Rosa Parks anakana kuchoka pampando, koma chinajambulidwa pa 21 Disembala 1956, chaka chathunthu chitadutsa, ndipo mzunguyo anali mtolankhani dzina lake Nicholas Chriss, yemwe anangokhala pamenepo kuti chithunzicho chitheke. Ngati chithunzi chodziwika chonchi chatisocheretsa zaka zonsezi, ganizirani za nkhani yomwe imatsagana nacho. Musachoke msanga, chifukwa pa mfundo yachiwiri ndi pomwe pali bodza lomwe limanditentha mtima, ndipo ngati simunalembetse ku tchanelo chino, dinani batani lomwe lili m'munsimu tisanapite patali.

Zoyambirira ndizidutsa mofulumira. Montgomery ndi likulu la dera la Alabama, kummwera kwa United States, komwe malamulo a tsankho otchedwa Jim Crow ankalekanitsa azungu ndi anthu akuda m'sukulu, m'zipatala ndi m'mabasi. Mipando yakutsogolo inali ya azungu, ndipo madalaivala ena ankauza munthu wakuda kuti alipire pakhomo lakutsogolo, atsike, akakwerere pakhomo lakumbuyo, mwina basi n'kunyamuka munthuyo asanakwere. Komatu mwa okwera anayi alionse, atatu anali akuda. Pa 1 Disembala 1955 Mayi Parks anamangidwa, pa 5 Disembala anthu akuda anayamba kunyanyala mabasi, ndipo anayenda wapansi kapena m'magalimoto othandizana masiku 381. M'busa wachinyamata wa zaka 26, Martin Luther King Jr., anasankhidwa kutsogolera bungwe loyendetsa kunyanyalako. Izi ndi zomwe mabuku a kusukulu amanena, ndipo n'zoona.

Mfundo yoyamba ndi yokhudza momwe akatswiri a mbiri yakale anafikira pa zina zonsezi. Kwa nthawi yaitali mbiri ya kulimbana ndi tsankho inkalembedwa kuchokera ku maulaliki, ku nyuzipepala ndi ku zolemba za atsogoleri, ndipo popeza olankhula paguwa anali amuna, mbiriyo inatuluka yodzaza amuna. Zinthu zinasintha ofufuza atayamba kucheza ndi amayi okalamba omwe analipo, kuwerenga makalata awo, mabuku a apolisi ndi zolemba za m'makhoti. Mu 2005 katswiri wa mbiri yakale Jacquelyn Dowd Hall analemba nkhani yotchuka yonena kuti nkhondo yomenyera ufuluyi sinayambe mu 1954 n'kutha mu 1965 monga momwe timaphunzitsidwira, koma mizu yake inali kale m'zaka za m'ma 1930.

Mfundo yachiwiri, ndipo pano ndikhalitsapo. Nkhani yomwe imafala ndi yakuti Mayi Parks anali mayi wachikulire wosoka zovala, wofatsa, wosadziwa zandale, yemwe tsiku lina miyendo inamuwawa ataweruka kuntchito, choncho anangolephera kudzuka, mbiri n'kusinthika mwangozi. Ndawerenga nkhani imeneyi m'mabuku a ana, ndaimva m'maulaliki, ndipo nthawi iliyonse imandinyansa, chifukwa imatenga zaka zoposa khumi za ntchito yoika moyo pachiswe n'kuzisandutsa kuwawa kwa miyendo.

Tiyambe ndi msinkhu. Mayi Parks anabadwa mu 1913, kutanthauza kuti tsiku lomangidwalo anali ndi zaka 42 zokha. Iwo eni, m'buku la mbiri ya moyo wawo lomwe linatuluka mu 1992, anakana nkhani ya kutopayi poyera, nanena kuti thupi lawo silinatope kuposa masiku ena onse, koma chomwe chinawatopetsa n'kugonjera.

Tsopano taonani zomwe anali atachita kale. Mu 1943 anakhala mlembi wa nthambi ya ku Montgomery ya bungwe la NAACP, lomwe linkamenyera ufulu wa anthu akuda kudzera m'makhoti, ndipo ankagwira ntchito limodzi ndi E.D. Nixon, mmodzi mwa atsogoleri a anthu akuda mumzindawo. Anayesa kulembetsa m'kaundula wa voti n'kubwezedwa kawiri, ndipo ulendo wachitatu, mu 1945, anakopera mayankho awo onse a mayeso olembetsera pa pepala lina kuti akhale ndi umboni ngati angawanamize kuti alephera. Atapambana anayenera kulipira msonkho wa voti wa zaka zam'mbuyo wokwana madola 16.50, ndalama yaikulu kwa munthu wodya za makina osokera.

Chachikulu kuposa zonsezi chinachitika mu Seputembala 1944. Mayi wina wakuda wa zaka 24, Recy Taylor, akuchokera kutchalitchi usiku m'tauni ya Abbeville, anagwidwa ndi anyamata achizungu onyamula mfuti, omwe anamutengera kutchire ndi kumugwiririra. Munthu yemwe bungwe la NAACP linamutuma kukafufuza nkhaniyi anali Mayi Parks. Anapita kukakhala pansi ndi mayiyo n'kulemba umboni wake, wapolisi wa m'deralo akuzungulirazungulira panja mpaka anawathamangitsa. Atabwerera ku Montgomery anathandiza kukhazikitsa komiti yomwe inafalitsa mlanduwu m'dziko lonse. Ngakhale zinali choncho, palibe ndi mmodzi yemwe mwa anyamatawo amene anazengedwa mlandu, ndipo nyumba ya malamulo ya Alabama inadzapepesa mu 2011, Recy Taylor atakalamba. Nkhani imeneyi inafukulidwa bwino ndi Danielle McGuire m'buku lake la mu 2010 lotchedwa At the Dark End of the Street, momwe anaonetsa kuti kwa amayi akuda, nkhani ya mabasi inali yolumikizana ndi nkhani ya chitetezo cha matupi awo, pakuti ambiri mwa okwera anali amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu, omwe ankatukwanidwa ndi kukankhidwa ndi madalaivala tsiku ndi tsiku.

Ndikufunseni inu amene mukuonera: munamvapo dzina la Recy Taylor m'kalasi? Lembani yankho lanu m'munsimu, ndikufuna kudziwa.

Tibwerere m'basi. M'nyengo yotentha ya chaka cha 1955 Mayi Parks anakhala milungu iwiri ku Highlander Folk School ku Tennessee, komwe akuda ndi azungu ankaphunzira pamodzi njira zothetsera tsankho, ndipo kumeneko anakumana ndi mphunzitsi wodziwika Septima Clark. Pa 27 Novembala, masiku anayi okha asanamangidwe, anali pamsonkhano m'tchalitchi cha Dexter Avenue kumvetsera za imfa ya Emmett Till, mnyamata wa zaka 14 yemwe anaphedwa ku Mississippi, omupha n'kumasulidwa ndi khoti. Dalaivala wa tsiku lomwe anamangidwa, James Blake, Mayi Parks ankamudziwa, chifukwa ndi yemweyo amene anawatsitsa m'basi mu 1943 atakana kukakwerera pakhomo lakumbuyo, ndipo kwa zaka 12 ankapewa basi iliyonse yomwe iye ankayendetsa. Komanso sanakhale pa mipando ya azungu ayi. Anakhala pa mzere woyamba wa chigawo chapakati, ndipo mzungu mmodzi atasowa pokhala, dalaivala analamula kuti akuda anayi onse a pamzerewo adzuke, chifukwa mzungu sakanakhala mzere umodzi ndi munthu wakuda. Atatu anadzuka. Mayi Parks anangosendera kuwindo.

Pali ena omwe, atamva zonsezi, amagwera m'dzenje lina n'kumati ndiye kuti bungwe linawatuma dala tsiku limenelo ngati nyambo. Nazonso si zoona. Iwo ananena kuti akanazindikira msanga kuti woyendetsa ndi Blake sakanakwera n'komwe. Anali munthu wokonzeka kuyambira kalekale, yemwe sanasankhe tsiku, koma tsikulo litafika sanabwerere m'mbuyo.

Nanga bodza la kutopa linachokera kuti? Apa ndi pomwe kafukufuku wa Jeanne Theoharis, yemwe buku lake The Rebellious Life of Mrs. Rosa Parks linatuluka mu 2013, amathandiza kwambiri. Inali nthawi yomwe aliyense wotsutsa tsankho ankanenedwa kuti ndi wachikomyunizimu, sukulu ya Highlander inkanenedwa choncho, ndipo bungwe la NAACP linaletsedwa kugwira ntchito mu Alabama mu Juni 1956. Atsogoleri a kunyanyala anaona kuti n'kwanzeru kuonetsa Mayi Parks monga mayi wopemphera, wamanyazi, wosoka zovala basi, n'kubisa mbiri yawo ya ndale kuti adani asapezerepo mwayi. Chinali chishango cha nthawi imeneyo, ndipo sindiwadzudzula. Chomwe ndimadana nacho n'chakuti zaka 70 zadutsa, ngozi ija inatha, koma ife tikadagwiritsitsa chishangocho ngati kuti ndiye munthuyo.

Ndisanaiwale, vidiyo yathu yokhudza Brown v. Board of Education, mlandu wa mu 1954 womwe unathetsa tsankho la m'sukulu pamalamulo, ili pa mndandanda wa tchanelo chino, ndipo ikuthandizani kumvetsa mfundo yotsatirayi.

Mfundo yachitatu ndi yakuti kunyanyalako sikunayambe ndi abusa. Ku Montgomery kunali bungwe la amayi akuda ophunzira lotchedwa Women's Political Council, lomwe Mary Fair Burks anayambitsa mu 1946, kenako n'kutsogoleredwa ndi Jo Ann Robinson, mphunzitsi wa Chingerezi pa koleji ya Alabama State. Pa 21 Meyi 1954, patangopita masiku anayi chigamulo cha Brown chiperekedwe, Mayi Robinson analembera kalata meya wa mzindawo, W.A. Gayle, yomuchenjeza kuti mabungwe a anthu akuda akukambirana zonyanyala mabasi ngati nkhanza sizitha. Taonani tsikulo bwino: kunali kutatsala chaka ndi theka kuti Mayi Parks amangidwe, ndipo King anali asanasamukire mumzindawo kudzakhazikika. Usiku womwe Mayi Parks anamangidwa, Mayi Robinson sanagone. Analowa m'koleji usiku, pamodzi ndi mnzawo wa kuntchito ndi ophunzira awiri, n'kupukusa makina ochulukitsira mapepala mpaka mbandakucha, natulutsa timapepala toposa 30,000 touza anthu kuti Lolemba asakwere basi. Kutacha amayi a bungwelo anatigawa m'sukulu, m'mashopu ndi m'malo ometera, moti abusa pokumana madzulo a Lachisanu anapeza uthenga uli kale m'manja mwa anthu. Mayi Robinson anabisa gawo lawo kwa zaka zambiri poopa kuchotsedwa ntchito, ndipo zolemba zawo zinasindikizidwa mu 1987, mothandizidwa ndi wofufuza David Garrow. Tisaiwalenso Georgia Gilmore, wophika, yemwe anasonkhanitsa amayi ogulitsa nkhuku yokazinga ndi makeke, ndalama zake n'kumagulira mafuta a magalimoto onyamula anthu.

Mfundo yachinayi ndi yaifupi koma imadabwitsa ambiri. Mlandu womwe unathetsa tsankho m'mabasi sunali wa Mayi Parks. Iwo anapezeka olakwa n'kulipitsidwa chindapusa cha madola 10, komanso madola ena 4 a khoti, ndipo apilo yawo ikanatha kuchedwetsedwa m'makhoti a Alabama kwa zaka. Choncho loya wachinyamata Fred Gray anakasuma ku khoti la boma lalikulu mu Febuluwale 1956 m'dzina la amayi ena, ndipo anayi omwe anaima mpaka kumapeto ndi Aurelia Browder, Susie McDonald, Mary Louise Smith ndi Claudette Colvin. Colvin anali mtsikana wa sukulu wa zaka 15 pomwe anakana kuchoka pampando pa 2 Malichi 1955, miyezi 9 Mayi Parks asanatero, ndipo anali m'gulu la achinyamata a NAACP lomwe Mayi Parks ankalilangiza. Khoti Lalikulu la dzikolo linatsimikizira chigamulo cha mlanduwu, wotchedwa Browder v. Gayle, pa 13 Novembala 1956, ndipo kunyanyala kunatha pa 20 Disembala.

Mfundo yachisanu ndi mtengo womwe analipira. Patangotha milungu yochepa Mayi Parks anachotsedwa ntchito m'sitolo ya Montgomery Fair, amuna awo a Raymond nawonso ntchito yawo yometa inatha, mafoni owopseza sanaleke, ndipo mu 1957 banjalo linasamukira ku Detroit lili pa umphawi. Kumeneko Mayi Parks anakhala pafupifupi theka la moyo wawo akulimbana ndi tsankho la m'nyumba zogona ndi nkhanza za apolisi, ndipo kuyambira 1965 mpaka 1988 anagwira ntchito mu ofesi ya phungu John Conyers. Anamwalira mu Okutobala 2005.

Makalata ndi timapepala tawo tinatsekulidwa kwa ofufuza ku Library of Congress, nyumba yaikulu yosungiramo mabuku ya boma la United States, mu 2015, ndipo zambiri mungathe kuziona pa intaneti kwaulere. Muli zolemba za dzanja lawo zofotokoza mkwiyo womwe anakhala nawo chiyambire ubwana, komanso muli envulopu yomwe kuseri kwake analembako kaphikidwe ka zitumbuwa zothira chiponde. Sabata ya mawa tidzakamba za msonkhano waukulu wa ku Washington wa mu 1963, komwe Mayi Parks anangotchulidwa dzina n'kuomberedwa m'manja, pomwe zokamba zazikulu zonse za tsikulo zinaperekedwa kwa amuna. Dinani kabelu kuti vidiyo imeneyo ikadzatuluka isadzakudutseni, ndipo tumizirani vidiyo ino kwa mphunzitsi wa mbiri yakale yemwe mukumudziwa.