Dzino likamawawa, musathamangire codeine ndi tramadol

Omvera athu okondedwa, amayi ndi abambo, lero tikambe za mankhwala amphamvu opha ululu. Ambiri mukazulitsa dzino mumapempha dokotala kuti, "Adokotala, mundipatse amphamvu aja." Mukutanthauza codeine, tramadol, kapena morphine. Onsewa ndi a banja limodzi lotchedwa opioid. Morphine ndi codeine amachokera ku utomoni wa duwa la poppy, pomwe tramadol amapangidwa kufakitale.

Mankhwalawa sapita ku dzino ayi. Amakagwira ntchito mu ubongo ndi mu mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa msana, kumene amafooketsa uthenga wa ululu. Dzino likadali lotupa, koma inu simukusamala. Pamene ululu wa dzino gwero lake ndi kutupa komweko. Ibuprofen, uja timati bufeni, ndiye amaletsa thupi kupanga zinthu zoyambitsa kutupa. Ndiye chifukwa chake bufeni ndi Panado zikaphatikizana zimaposa codeine pa ululu wa dzino. Bungwe la madokotala a mano ku America la American Dental Association, mu malangizo ake a 2024, linanenanso kuti tiyambire pamenepo.

Tsono mverani bwino. Munthu wamkulu angamwe bufeni wa 400 mg pamodzi ndi Panado wa 1,000 mg, ndiye kuti mapiritsi awiri a 500 mg, pakatha maola sikisi kapena eyiti. Bufeni mumwe mutadya kaye. Panado asapitirire mapiritsi eyiti patsiku, chiwindi chingawonongeke. Ngati muli ndi zilonda za m'mimba, vuto la impso, kapena ndinu oyembekezera, bufeni musamukhudze musanafunse kuchipatala.

Nanga dokotala akakulemberani codeine kapena tramadol? Zimachitika, makamaka kwa amene bufeni sawayanja, kapena ngati dzino la kumapeto lija linavuta kuzula mpaka anacheka nkhama. Imwani monga momwe alembera, masiku awiri kapena atatu basi. Ululu ukachepa, siyani. Ndipo werengani pepala la paketi, chifukwa mapiritsi ena a codeine amakhala kale ndi paracetamol, yemwe ndi Panado yemweyo. Mukawonjezera Panado pamwamba, mwamwa kawiri osadziwa.

Codeine ali ndi khalidwe lachilendo. Payekha alibe mphamvu kwenikweni, chiwindi ndicho chimamusandutsa morphine. Koma ziwindi zathu sizifanana. Wina amwa, osamva kanthu. Mnzake amwa piritsi lomwelo, chiwindi chake n'kupanga morphine wambiri mofulumira, munthu n'kugona tulo tosadzuka nato bwino. Simungadziwe poyang'ana nkhope kuti uyu ali mbali iti. Choncho mwana wosakwana zaka 12 asapatsidwe codeine kapena tramadol. Amayi oyamwitsa, inunso ayi, chifukwa mankhwalawa amalowa mu mkaka wa m'mawere ndipo khanda lingalephere kupuma.

Mowa, abambo, ndikunena ndi inu. Kaya ndi kachasu, kaya wa m'botolo, musaphatikize ndi mankhwalawa. Chimodzimodzi mapiritsi ogonetsa monga diazepam. Zonsezi zimachedwetsa kupuma, ndipo zikakumana munthu amatha kutsirizikira m'tulo. Oyendetsa minibasi ndi a kabaza wa njinga yamoto, tsiku limenelo pumulani, maso amalemera. Amene mumadwala khunyu, tramadol akhoza kukugwetsani. Ndipo ngati mukumwa mankhwala a TB, ma ARV, kapena amitriptyline, muuzeni dokotala asanalembe.

Kudzimbidwa kokha yembekezerani, anthu ambiri kumawapeza. Imwani madzi ambiri, idyani papaya ndi masamba. Nseru ndi chizungulire zimabweranso.

Koma mukaona wodwala wanu akupuma pang'onopang'ono, akuliza mkonono wachilendo, milomo yasintha mtundu, mukumugwedeza koma sakudzuka, musamuthire madzi kapena kumumwetsa mkaka. Mugonekeni cham'mbali, pezani galimoto, thamangirani kuchipatala mutanyamula paketi ya mankhwalawo. Kuli jakisoni wotchedwa naloxone amene amabweza mphamvu ya opioid m'mphindi zochepa.

Za chibaba ndisaiwale. Thupi limazolowera msanga, mawa lifuna mapiritsi awiri pamene dzulo limodzi linakwana. Ku Nigeria boma linaletsa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine mu 2018, achinyamata atalowerera nawo. Mapiritsi otsala musasunge m'kabati kapena kugawira a neba, abwezeni ku famase.

Chomaliza, pakapita masiku awiri kapena atatu mutazulitsa dzino, ululu n'kuyambiranso mwamphamvu mpaka kukhutu, m'kamwa n'kumanunkha, nthawi zambiri ndiye kuti magazi oundana amene amatseka bala achoka, fupa lili pamtunda. Fodya ndi kuchukucha m'kamwa tsiku loyamba ndizo zimakonda kuchititsa zimenezi. Musawonjezere mapiritsi, bwererani akatsuke ndi kuikapo mankhwala. Tsaya likatupa mpaka kukhosi kapena pafupi ndi diso, mukulephera kumeza kapena kuyasamula, musadikire kuche, pitani usiku womwewo.