Kuchoka ku Ivy Tech kupita ku yunivesite osataya makirediti panjira

Moni abale nonse, kaya mukumvera muli m'galimoto kuchokera ku shifiti ya usiku ku South Bend, kaya muli kumudzi mukukonzekera ulendo wobwera kuno. Lero tikambe za sukulu kuno ku Indiana, ku America, makamaka kwa inu amene mwayambira ku Ivy Tech Community College ndi cholinga chokamalizira digiri ku yunivesite ngati Indiana University (IU) South Bend kapena Purdue.

Njira imeneyi ndi yabwino chifukwa fizi ya ku koleji ndi yotsika. Digiri yoyamba imafuna makirediti 120 (mapointi omwe mumapeza pa phunziro lililonse lomwe mwakhoza), ndipo 60 mwa amenewa mutha kuwapezera ku Ivy Tech. Pamene anthu amapunthwa ndi apa: yunivesite kulandira makirediti anu sikutanthauza kuti yawaika mu digiri yanu. Kalata imabwera yakuti talandira 62, munthu n'kuvina. Pokaonana ndi mlangizi n'kupeza kuti 15 mwa amenewo angoikidwa pa mulu wa maphunziro osankha, omwe ku IU amawatcha undistributed. Alipo ndithu pa pepala, koma sakutseka mpata uliwonse wa maphunziro omwe digiri ikufuna. Ndi semesita yathunthu imeneyo, ndalama ndi nthawi yomwe.

N'chifukwa chake pulani imayambira kumapeto. Sankhani kaye yunivesite ndi digiri yomwe mukufuna, tsitsani mndandanda wa maphunziro ake onse pa intaneti, kenako mubwerere m'mbuyo kufikira semesita yomwe mulimo. Amene amati ndingoyamba kaye, ndidzaona kutsogolo, ndi omwe amamaliza ndi makirediti 140 digiri ili imodzi.

Boma la Indiana linakonza zinthu zitatu zothandiza. Pali Core Transfer Library, mndandanda wa maphunziro omwe masukulu onse a boma muno anagwirizana kuti azilandirana, bola mwapeza C kapena kuposa. Mwachitsanzo ENGL 111, kalasi ya Chingerezi ya ku Ivy Tech, imakalowa ngati ENG-W 131 ku IU. Pali Indiana College Core, mtolo wa makirediti 30 a maphunziro oyambira. Mukaumaliza wonse n'kulembedwa pa transcript yanu (chikalata cha maphunziro ndi magiredi anu), umasamuka wathunthu. Mukasiya phunziro limodzi lokha, yunivesite imaumasula mtolowo n'kuyamba kusanthula limodzi ndi limodzi. Chachitatu ndi TSAP, digiri ya zaka ziwiri yomwe inakonzedwa kuti mukalowe chaka chachitatu pa maphunziro omwewo. Koma TSAP sikuti imakupatsani malo. Muyenera kufunsirabe, ndipo mukasintha maphunziro pakati, mgwirizano uja watha.

Yang'anitsitsani zilembo za digiri yomwe mwalembetsa. AS (Associate of Science) ndi AAS (Associate of Applied Science), madigiri a zaka ziwiri, zimasiyana ndi chilembo chimodzi, koma AAS inapangidwa kuti mukayambe ntchito, ndipo maphunziro ake ambiri a luso yunivesite siiwawerengera. Ngati cholinga ndi kupitiriza, nenani mawu amenewo kwa mlangizi tsiku loyamba.

Masamu ndi omwe amachedwetsa anthu kuposa china chilichonse. MATH 123 ndi yofewerapo ndipo imakwanira pa madigiri ena, koma siikutsegulirani khomo la Calculus. Wofuna uinjiniya kapena sayansi ya kompyuta njira yake imadutsa ku MATH 136 (Algebra) ndi Trigonometry, kenako Calculus yoyamba, yachiwiri, ena mpaka yachitatu, ndipo simungazitenge nthawi imodzi chifukwa iliyonse imadalira inzake. Mukamazengereza masamu poti munawaopa ku MSCE, maphunziro ena onse adzatha inu n'kutsala ndi unyolo wa masemesita anayi. Maphunziro okonzekeretsa omwe nambala yake ili pansi pa 100 sasamuka konse. Onjezerani apo kuti maphunziro ena a chaka chachitatu amaphunzitsidwa kamodzi pachaka. Mukaphonya mu Ogasiti, mudikira Ogasiti wina.

Ambiri mwa ife tikugwira ntchito yosamalira okalamba ndipo maso ali pa unamwino. Kumeneko C sakwanira ngakhale amasamuka, chifukwa malo ndi ochepa ndipo amasankha potengera magiredi a maphunziro ngati APHY 101 ndi APHY 102 (Anatomy ndi Physiology). Masukulu ambiri a unamwino amakananso maphunziro a sayansi akakhalitsa zaka zingapo. Ine maganizo anga ndi akuti musatenge Anatomy m'kalasi ya masabata asanu ndi atatu pomwe mukugwira mashifiti awiri. Zimathamanga kwambiri, ndipo kubwereza kumaoneka pa transcript.

Mlangizi musakhale naye mmodzi. Wa ku Ivy Tech amadziwa zokumalizitsani kumeneko. Amene amadziwa zomwe zikawerengedwe ndi wa ku yunivesite, mu dipatimenti yomwe mukupita. Mulembereni mudakali m'chaka choyamba. Funso lisakhale lakuti kodi phunziro ili mulandira? Adzayankha kuti inde. Funsani kuti likalowa pa mzere uti wa digiri yanga? Mukatuluka mu ofesi, tumizani imelo yobwereza zomwe mwagwirizana, chifukwa alangizi amasintha ntchito ndipo wobwerayo amakhulupirira zolembedwa. Funsaninso makirediti angati omwe muyenera kuchitira pa yunivesite yawoyo. Malo ambiri ndi 30 kapena kuposerapo pang'ono.

Amene munayambako ku UNIMA, MUBAS, LUANAR kapena Mzuni, lembani zonse pa fomu. Kubisa sukulu yakale poti magiredi sanali bwino kutha kukuchotsetsani sukulu zikadziwika. Masukulu ambiri amafuna kuti mapepala anu aunikidwe ndi bungwe ngati WES kapena ECE, ndipo pemphani kuunika kwa phunziro limodzi ndi limodzi. Transcript ichokere ku ofesi ya sukulu, osati m'chikwama mwanu. Yambani msanga, makamaka inu amene munaphunzira ku Polytechnic kapena Kamuzu College of Nursing UNIMA isanagawidwe mu 2021, popeza dzina la sukulu lomwe lili pa satifiketi si lomwe lilipo lero. Tumaninso m'bale akatenge ma course outline. Popanda amenewo dipatimenti ilibe poyerekezera, ndipo makirediti amathera pa mulu uja.

Muli ndi green card, kumbukirani kuti thandizo la boma lolipirira sukulu la Pell Grant limathera pa masemesita 12 athunthu, choncho phunziro lililonse losafunika likudya gawo lanu. Muli pa viza ya ophunzira ya F-1, musatsike pansi pa makirediti 12 popanda chilolezo cha ofesi yoona ophunzira akunja, ndipo mwa 12 amenewo a pa intaneti owerengedwa ndi atatu okha. Posamuka, sonyezani kalata yokulandirani, mugwirizane tsiku lomwe rekodi yanu ya SEVIS (kaundula wa boma wa ophunzira akunja) isamutsidwe, sukulu yatsopano ikupatseni I-20 yake, chikalata chomwe viza yanu imadalira. Adzafunanso umboni watsopano wa ndalama, ndipo fizi ya kumeneko ndi yokwera, ndiye okuthandizani auzidwiretu. Makalasi ayenera kuyamba pasanathe miyezi isanu kuchokera pomwe mwamaliza kwinaku. Womaliza mu Disembala asadikire Ogasiti, alowe mu Januwale.