Mbale yaing'ono imathandiza, bola mphika ukhale patali

Zikomo amayi ndi abambo. Lero tione ngati mbale yaing'ono ingathandize munthu kudya zochepa. Amene muli kumbuyoko, mukuziona mbale ziwirizi? Iyi ndi ya masentimita 25 kuchokera m'mphepete kukafika m'mphepete, inayi ndi ya 30. Kusiyana kwake ndi zala zitatu basi, koma malo oikapo chakudya pa yaikuluyi amaposa a inzakeyi ndi 44 peresenti. Ndathirapo mpunga, kapu imodzi apa, kapu imodzi apo. Mayi, wambiri uli pati? Eya, mwaloza yaing'ono. Musachite manyazi, maso a tonsefe amanyengeka choncho.

Katswiri wina wa ku Belgium, Joseph Delboeuf, anafotokoza zimenezi mu 1865: chinthu chozungulira chikakhala pakati pa bwalo lalikulu chimaoneka chochepa kuposa mmene chilili. Tsono dzanja lopakula limamvera maso. Likaona mbale ili mbee, limawonjezera chipande china, ndipo wakudyayo amamaliza zonse poti zaikidwa kale, ngakhale mimba itakhuta.

Mu 2015 bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zaumoyo, linasonkhanitsa kafukufuku wambiri n'kupeza kuti anthu amadya zochuluka akapatsidwa chakudya chambiri, mapaketi aakulu kapena ziwiya zikuluzikulu. Koma ndisakunamizeni, nkhani ya mbale payokha njokayikitsa. Brian Wansink, amene anaitchukitsa kwambiri ku America, yunivesite ya Cornell, kumene ankagwira ntchito, inamupeza wolakwa mu 2018 pa kayendetsedwe ka kafukufuku wake. Mu 2019 ofufuza a ku yunivesite ya Cambridge ku England anapatsa anthu ena mbale zazikulu, ena zazing'ono, n'kuwasiya adzipakulire okha mmene akufunira. Sanapeze kusiyana koonekeratu pa kuchuluka kwa zimene anadya.

Ine sizindidabwitsa. Munthu wa mbale yaing'ono akakhala pafupi ndi mphika amangobwereza, kapena kuunjika chakudya ngati chulu. Thupi silidziwa kuti mbale inali yotani, limangolandira zimene zalowa. Choncho mbale ikuthandizani pa nthawi yopakula yokha. Pakulani kamodzi, vundikirani mphika, kadyereni kwina. Idyani mosathamanga, chifukwa ubongo umatenga mphindi pafupifupi 20 kuti uzindikire kuti mwakhuta. Njala ikakhalapobe pambuyo pake, wonjezerani masamba.

Zoika pambalepo ndiye zofunika zedi. A bungwe loona za matenda a shuga ku America amalangiza mbale ya masentimita pafupifupi 23: theka masamba, ndipo theka linalo muligawe pawiri, mbali ina zomanga thupi monga nyemba, mazira kapena nsomba, mbali ina zokhutitsa monga mpungawu.

Bambo mwafunsa za mafuta ophikira, mwachita bwino. Supuni yaikulu imodzi ili ndi makalori (muyezo wa mphamvu imene chakudya chimapatsa thupi) pafupifupi 120, ndipo pambale satenga malo n'komwe. Mukhoza kudyera mbale ya mwana koma osachepa thupi ngati zonse zili zokazinga, chakumwa cha shuga chili pambali. Mafutawo muziyeza ndi supuni, osangopendeketsa botolo.