Mwana akatsalira kusukulu Lachitatu masana, amakhala akuchita chiyani?

Zikomo a wapampando. A gulupu ndi mafumu nonse, a komiti ya PTA, amayi athu a mother group, makolo anzanga, ndathokoza kuti mwasiya ntchito zanu n'kubwera. Ndithokozenso a hedi pondipatsa mpata uno.

Dandaulo lomwe lafika ku ofesi ndi lakuti Lachitatu ana akufika kunyumba mochedwa. Madzi sanatungidwe, mbuzi zikadali kudambo, mukawafunsa akuti tinali ku drama, tinali ku kwizi. Bambo wina anachita kundiimitsa pamsika n'kundifunsa kuti, aphunzitsi, fizi ndikulipirayi ndi yoti mwana aziphunzira kapena azivina? Funso limenelo ndi loona, ndipo ndiliyankha mosapsatira.

Ndiyambire pa mayeso, chifukwa ndi pamene mitima yathu tonse ili. Pa MSCE, mwana akalephera Chingerezi, satifiketi palibe. Akhoze Masamu, akhoze Biology, akhoze Agriculture, koma Chingerezi akapeza 9, a MANEB samupatsa pepala. Ofuna kupita ku yunivesite ya boma amafunika makirediti 6, ndipo Chingerezi chikhale pomwepo. Tsono taganizani mmene kalasi imayendera. Piriyodi ndi mphindi 40, ana adzaza mpaka kukhomo, mphunzitsi ndi mmodzi. Amene amakweza dzanja ndi omwewo omwewo. Alipo mwana amene amatha sabata yathunthu osatulutsa ndi chiganizo chimodzi chomwe cha Chingerezi pakamwa pake. Amakopera notsi bwinobwino, zilembo zokongola, koma mukamuimika kuti afotokoze zomwe walembazo, thukuta kamukamu. Chiyankhulo sichilowa m'mutu pongochiyang'ana pabolodi. Chimafuna pakamwa.

Apa ndi pamene drama imagwira ntchito yomwe ine ndi choko changa sindingathe. Mpikisano wa zisudzo za m'Chingerezi m'sukulu za sekondale, umene amakonza a bungwe la aphunzitsi a Chingerezi la ATEM, ndi wakalekale, unayamba ambiri a ife tisanabadwe. Akuluakulu muli pano mukumukumbuka katswiri wa zisudzo uja, Du Chisiza Jr. Iye uja luso lake linaonekera ali mwana wasukulu ku HHI ku Blantyre, pamene sewero lomwe analemba yekha linapambana mpikisano wa sukulu za dziko lonse mu 1982. Kenako anakaphunzira zisudzo ku America, atabwerako n'kukhazikitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre, ndipo mu 1993 anakhalapo nduna yoona za achinyamata, masewera ndi chikhalidwe. Sindikunena kuti ana athu onse adzakhala a Du Chisiza, ayi. Ndikungofuna muone kuti zimene zimaoneka ngati masanje masana a Lachitatu, anthu ena zinawatsegulira njira ya moyo wonse.

Ndikufotokozereni zomwe zimachitika kuseri kwa holo kuja. Mwana amapatsidwa mbali yake, mwina masamba atatu a Chingerezi, aloweze. Akaloweza, ndimamuimika pagolo la uku, ine n'kukaima pagolo la uko, ayankhule mpaka ndimve liwu lililonse, koma osakuwa. Akameza mawu, abwereze. Akatchula molakwika, anzake amamukonza pompo. Akafunsa kuti liwu ili likutanthauza chiyani, timatsegula dikishonale, chifukwa sungalire kapena kukalipa pa siteji ndi mawu amene sukuwamva. Zovala timapempha kwa inu nomwe: chitenje chakale, jekete la agogo, phulusa la imvi, makala a ndevu. Muli mtsikana wina wa Fomu 2, dzina sinditchula, amene chaka chatha ngakhale poitana mayina m'kalasi ankayankha chapansipansi, maso ali pa desiki. Anzake anamukokera ku drama kuti azingonyamula zovala. Tsiku lina wosewera mbali ya apongozi anadwala, iye n'kunena kuti mawuwo ndikuwadziwa, ndakhala ndikumvetsera. Anaima pakati pa bwalo n'kukalipira mkamwini m'Chingerezi mpaka ana a mpira anasiya kusewera n'kubwera kudzaonerera. Teremu ino ndi amene amayamba kukweza dzanja pa literature, ndipo chimangirizo chake chasintha, chifukwa tsopano akamalemba amamva mmene chiganizo chikumvekera.

Kwizi nayo ili ndi phindu lakelake. Ena mwa inu munkatchera khutu pa wailesi ya MBC kumvera Top of the Class, sukulu ziwiri zikulimbana pa mafunso. Kuno timachita chimodzimodzi, kungoti belu lathu ndi botolo ndi supuni. Timu imakhala ya ana anayi, funso likaponyedwa ali ndi masekondi ochepa, akalephera limapita kwa anzawo. Chimene chimandisangalatsa ndi mmene amagawanirana ntchito okha. Uyu atenge Geography ndi History, uyu sayansi, uyu Masamu a pamtima, uyu azimvera nkhani pa wailesi madzulo aliwonse kuti adziwe zomwe zikuchitika m'dziko muno ndi kunja. Ndiye mukaona mwana akulimbirana nanu wailesi nthawi ya nkhani, musamuthamangitse. Mafunso ambiri amachokera m'silabasi momwemo, choncho mwana wa kwizi amabwereza za Fomu 1 ndi Fomu 2 chaka chonse, pamene anzake amadzazifufuza mayeso atatsala mwezi umodzi. Amazoloweranso kuganiza msanga mtima ukugunda, anthu akumuyang'ana. M'chipinda cha mayeso, ana ambiri amene amalephera si kuti sadziwa, koma mantha amawafufutira zonse.

Makalabu ena ndingowatchula mwachidule. A Wildlife, amene amayendera pansi pa bungwe loteteza zachilengedwe la WESM, ndi amene anadzaza machubu a mbande mwaona kuseri kwa labu, ndipo mitengoyo idzabzalidwa mvula ikakhazikika. A SCOM ndi a YCS, magulu a ophunzira achikhristu, amakumana pa mapemphero. A Edzi Toto amakambirana zodziteteza ku matenda ndi mimba zosayembekezera, nkhani zimene kunyumba ambiri timachita nazo manyazi. Za mpira wamiyendo ndi wa ntchemberembaye a spotsi masitala adzafotokoza okha tsiku lawo.

Ana ena anandionetsa pa foni mavidiyo a sukulu za ku America. Kumeneko sukulu imakhala ndi bandi yakeyake, ana mazanamazana atavala yunifolomu, malipenga ndi ng'oma, akuguba pabwalo nthawi yopumulira mpira. Amakhalanso ndi gulu lophunzitsidwa kuchemerera timu, kuvina ndi kuponyana m'mwamba. Anawo amadandaula kuti ife tilibe zimenezi. Ndinawauza kuti akafunse agogo awo kumene mganda unachokera. Mganda, malipenga a kumpoto ndi beni wa ku Mangochi, magule onsewa anatengera perete ndi bandi ya asilikali, makamaka anthu athu atabwerako ku nkhondo ya 1914 mpaka 1918. Malipenga a mkuwa analibe, anasema mabadza, malipenga a zikho. Mizere yowongoka ija, zovala zoyera zija, kumvera wotsogolera kuja, ndi bandi yathu imeneyo. Ndipo zochemerera, ndani angatiphunzitse ife? Bwerani tsiku la mpira mudzamve nyimbo zomwe ana amapeka pompopompo. N'chifukwa chake ndikupempha akuluakulu amene munavinapo mganda ndi amayi odziwa chimtali, tipatseniko masana amodzi pamwezi mudzawaphunzitse anawa. Aphunzitsi ambiri pano tinachokera kutali, masitepe ake sitiwadziwa ngati inu.

Tsopano ndibwere pa nkhawa zanu, chifukwa zina n'zomveka ndithu. Yoyamba ndi ya atsikana. Mwana amene amayenda mtunda wautali, akatuluka pano dzuwa litapendeka, makamaka miyezi ya June ndi July pamene kumada msanga, amakafika mdima utagwa, ndipo m'njiramu si monse muli bwino. Mayi amene akukana kuti mwana wake atsalire pa chifukwa chimenechi sakulakwa. Palinso ana amene amanamizira kalabu ali kwina. Ndipo tinene poyera, m'dziko muno zamvekapo za aphunzitsi amene amagwiritsa ntchito maulendo ndi zokonzekera ngati mpata wonyengerera ana. Zimenezo n'zonyansa, ndi mlandu, ndipo kholo lili ndi ufulu wonse wofunsa kuti mwana wanga ali ndi ndani.

Ndiye tagwirizana ndi a hedi motere. Makalabu ndi Lachitatu lokha, ndipo ikamakwana 4 koloko aliyense akhale atanyamuka. Kalabu iliyonse ili ndi kaundula, patironi amaitana mayina. Mukakayika, bwerani mudzaone ngati mwana wanu analipodi. Palibe mphunzitsi wamwamuna amene adzatsale ndi mtsikana payekha, kaya n'kukonzekera sewero kaya n'chiyani. Paulendo uliwonse wopita ku sukulu ina padzakhala mphunzitsi wamkazi kapena mayi mmodzi wa mother group, ndipo mudzalandira kalata yosainidwa ndi a hedi yonena kopita, tsiku ndi nthawi yobwerera. Mwana akakuuzani pakamwa chabe kuti tikupita ku mpikisano, ndipatseni ya thiransipoti, kalata palibe, musapereke.

Za ndalama, kulowa kalabu n'kwaulere. Imafunika ndi ya galimoto ndi chakudya tikamapita kukapikisana, ndipo imeneyo tidzaikambirana mu komiti pasadakhale, kuti mwana waluso asatsale chifukwa kwawo kulibe. Za magiredi, mwana amene malipoti ake akutsika tidzakhala naye pansi pamodzi ndi inu, ndipo a Fomu 4 teremu yawo yomaliza timawapumitsa ku mipikisano yonse. Tikupemphanso kuti mwana asankhe kalabu imodzi kapena ziwiri basi, osati kulembetsa paliponse.

Chomwe ndikupempha kwa inu ndi masana amodzi pasabata. Ntchito za pakhomo za Lachitatu zigawidwe mwina, ndipo zisagwere mtsikana yekha pamene mlongo wake ali ku mpira. Sewero la chaka chino tidzayamba kulionetsa kwa inu muholo muno tisanapite nalo kwina kulikonse, ndipo a wapampando adzalengeza tsiku kudzera kwa mafumu. A wapampando, ndaona manja akwera kale kumbuyoko, ndibweze kwa inu kuti tilandire mafunso.