Mwana akavala pulasitala ya ntchafu, samalani khungu lake

Mwaswera bwanji amayi, abambo, ndi inu agogo amene mukulera adzukulu kuno ku Chipata ndi midzi yozungulira. Lero tikambe za mwana amene wathyoka fupa la ntchafu, madokotala n'kumuveka pulasitala ija yoyambira pamimba kutsika ndi mwendo. Ana osapitirira zaka 5 nthawi zambiri amathandizidwa chonchi, ndipo imakhala milungu 4 mpaka 6, ena kupitirirako.

Fupa la mwana limagwirana msanga. Chimene chimandidetsa nkhawa ine ndi khungu. Mkodzo ndi chimbudzi zikalowa mkati mwa pulasitala, thonje limene anayala mkatimo limanyowa, khungu limasupuka, chilonda chimakula inu osachiona.

Ndiye tamverani. Matewera akhale awiri. Laling'ono mulowetse m'mphepete mwa pulasitala pamene madokotala anasiya mpata wokodzera ndi wochitira chimbudzi, lalikulu mukulunge pamwamba. Likangonyowa sinthani, ngakhale pakati pa usiku. Pogona, mutu ndi chifuwa zikwere pang'ono pa pilo kuti mkodzo uzitsika, usabwerere kumsana. Muzimutembenuza pakapita maola awiri kapena atatu, ndipo chidendene chisatsamire pamphasa.

Musamusambitse m'beseni, ayi. Nsalu yonyowa pang'ono, pukutani, umitsani. Pauda ndi mafuta zisalowe mkatimo. Kukatentha ngati mu October mwana amalira ndi kuyabwa, mtima umapweteka ndithu, koma musakande ndi kamtengo. Muvekeni malaya pamwamba kuti nyenyeswa za nsima, timiyala ndi makobidi zisagweremo. Ngati pulasitala ili ndi kamtengo kolumikiza miyendo iwiri, musamunyamulire pamenepo.

Ndikudziwa, matewera akudula. Koma pulasitala ikawonongeka, mwanayo angafunike kugonetsedwanso ndi mankhwala kuti amuveke ina. Werengerani ulendo wochokera ku Chadiza kapena ku Vubwi, chakudya cha womudikirira, ndi kumunda kumene kwaima.

Tsiku lililonse gwirani zala za kuphazi. Zikazizira, zikatupa, zikasintha mtundu kapena akalephera kuzigwedeza, nyamukani nthawi yomweyo. Chimodzimodzi mukamva fungo lowola, thupi likatentha, akamasanza mimba itatupa, kapena akamalira osatonthola. Musadule pulasitala nokha kunyumba. Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi, khadi la mwana m'manja.